PANGANO LA AMERICA LIMAKHALA ZAKA ZINGATI?

Pa 20 Januwale 2025, tsiku lomwe adalumbira kachiwiri kukhala mtsogoleri wa dziko la America, a Donald Trump adasaina malamulo angapo dzuwa lisanatuluke mawa lake. Lamulo lina lidati dziko lawo lituluka m'bungwe loona za umoyo la World Health Organization. Lina lidati lituluka m'pangano la ku Paris lolimbana ndi kusintha kwa nyengo. Linanso lidaimitsa kwa masiku 90 chithandizo chimene dzikolo limapereka ku maiko akunja. Pofika pa 1 Julayi chaka chomwecho, bungwe la USAID, limene adakhazikitsa ndi John F. Kennedy mu 1961, lidaleka kugwira ntchito palokha, ndipo zotsala zake zidatengedwa ndi unduna woona za maiko akunja.

Ambiri kuno kwathu adamva nkhanizi pa wailesi nagwira pakamwa, ngati kuti kwagwa chachilendo. Ife tikuti chachilendo palibe. Mkangano wakuti dziko la America lidzipatule kapena liziyenda pabwalo limodzi ndi anzake ndi wakale monga dziko lenilenilo, ndipo aliyense wofuna kudziwa za mawa ayambe wafunsa kumene mkanganowu udachokera.

Mu 1796 George Washington, mtsogoleri woyamba wa dzikolo, potsanzikana ndi anthu ake adawalangiza kuti malonda azichita ndi aliyense, koma asadzimange ndi mapangano amuyaya ndi dziko lina lililonse, makamaka la ku Ulaya. Adali malangizo a munthu wodziwa msinkhu wa mwana wake. Dzikolo panthawiyo lidali ndi anthu osapitirira 5 miliyoni, ndipo Britain ndi France adali pa nkhondo yoopsa. Kamwana kongoyamba kumene kuyenda sikaleretsa ndewu ya akuluakulu. Tsono dzikolo litakula mpaka kufika ku nyanja ya Pacific, malangizo aja adasanduka ngati mwambo wa makolo. Yense amene adaimapo patsogolo pa ana a sukulu ndi mapu a dziko lapansi akudziwa chifukwa chake mwambowu udamera mizu: kum'mawa kuli nyanja ya Atlantic, kumadzulo kuli ya Pacific, kumpoto Canada, kumwera Mexico. Palibe mdani wamphamvu amene angafike pakhomo poyenda pansi. Dziko la Poland kapena Belgium silidakhalepo ndi mwayi woterewu.

Komatu tisapusitsidwe ndi liwu lakuti kudzipatula. Dziko la America lidadzipatula ku mikangano ya ku Ulaya yokha. Kwa anansi ake lidali ndi mkono wautali. Mu 1823 James Monroe adalengeza kuti maiko a ku Ulaya asayerekeze kudzalandanso malo ku chigawo chonse cha America, ndipo pang'ono ndi pang'ono mawuwo adayamba kutanthauza kuti chigawocho chili ndi mwini wake. Nkhondo ya 1846 mpaka 1848 idalanda Mexico dera lalikulu, kuphatikizapo California. Mu 1898 dzikolo lidagonjetsa Spain nkutenga Philippines, Puerto Rico ndi Guam, ndipo chaka chomwecho lidatenganso Hawaii. Asilikali ake adakhala ku Haiti kuyambira 1915 mpaka 1934. Munthu wa ku Port-au-Prince mukadamuuza m'zaka zimenezo kuti America ndi dziko losalowerera za eni, akadakufunsani ngati mutu wanu ukuyenda bwino.

Motero funso lenileni, monga ife tikulionera, silidakhalepo lakuti America atuluke m'nyumba kapena ayi. Kutuluka amatuluka nthawi zonse. Funso ndi lakuti potulukapo avomere kumangidwa ndi pangano monga anzake, kapena akhale ndi manja omasuka, kuchita chimene wafuna pa tsiku limene wafuna.

Mayeso oyamba aakulu adadza ndi nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Woodrow Wilson adalowetsa dziko lake m'nkhondoyo mu Epulo 1917, ndipo asilikali ake oposa 116,000 sadabwerere kwawo amoyo. Nkhondo itatha, Wilson yemweyo ndiye adaumirira kuti pakhale bungwe la League of Nations, bwalo limene maiko azikambirana milandu m'malo mothirana nkhondo. Atsogoleri a ku Ulaya adavomera, ena monyinyirika. Koma malamulo oyendetsera dziko la America amati pangano ndi dziko lina silikhazikika pokhapokha aphungu awiri mwa atatu alionse a nyumba ya Senate alivomereze. Phungu Henry Cabot Lodge ndi anzake adakana ndime ya 10 ya panganolo, imene idati mamembala aziteteza malire a mnzawo akaukiridwa. Iwo adati mphamvu yolengeza nkhondo ndi ya aphungu, ndipo sangaipereke kwa alendo okhala ku Geneva. Pa 19 Malichi 1920 aphungu 49 adavomera ndipo 35 adakana. Adapereweza mavoti 7.

Ambiri amaloza chala Lodge yekha. Ife tikuona kuti Wilson nayenso ali ndi mlandu. Lodge adali wokonzeka kuvomera pangano litasinthidwa apa ndi apo, koma Wilson, ali chigonere ndi matenda a kufa ziwalo amene adamugwira mu Okutobala 1919, adauza aphungu a chipani chake kuti akane kusintha kulikonse. Adafuna zonse, nataya zonse. Zidali ngati nkhoswe amene wayenda maulendo onse a chikwati, wagwirizanitsa mabanja, koma pa tsiku la ukwati osaoneka. Banja lotere likayamba kugwedezeka, lidzathamangira kwa yani?

Zaka zotsatirazo zidaonetsa mtengo wake. Mu 1930 aphungu adakweza msonkho pa mitundu ya katundu wakunja yoposa 20,000 kudzera m'lamulo la Smoot-Hawley, ngakhale akatswiri a zachuma oposa 1,000 adalembera Herbert Hoover kumupempha kuti asasaine. Maiko ena, kuyambira Canada, adabwezera, ndipo malonda a pakati pa maiko, amene adali atadwala kale, adafooka koposa. Kenaka komiti ya phungu Gerald Nye idayamba kufufuza mu 1934, nkusiya anthu ambiri akukhulupirira kuti ana awo adafera ku France kuti eni mabanki ndi opanga zida alemere. Pa maganizo amenewa padabadwa lamulo la mu Ogasiti 1935 loletsa kugulitsa zida kwa mbali iliyonse ya maiko omenyana.

Pano tiime pang'ono, pakuti oyamba kulawa lamuloli adali Aafirika anzathu. Mu Okutobala 1935 Benito Mussolini adathira nkhondo dziko la Ethiopia. Franklin Roosevelt adatsata lamulo: zida zisapite ku Italy, zisapitenso ku Ethiopia. Pomva chabe, chiweruzocho nchosakondera. Koma Italy adali ndi mafakitale ake opanga mfuti, ndege ndi akasinja, pamene Ethiopia adalibe. Kumana onse awiri mofanana kudali kumanga manja a wofooka yekha. Chimene Mussolini adasowadi chidali mafuta, ndipo mafuta sadali m'lamulolo. Makampani a ku America adapitiriza kumugulitsa. Nalo bungwe la League lidazengereza kuletsa mafuta, ndipo chifukwa china chimene lidapereka nchakuti chiletsocho sichingagwire ntchito pamene wogulitsa wamkulu ali kunja kwa bungwe. Ndege za Italy zidathira mpweya wapoizoni pa asilikali ndi pa midzi, mzinda wa Addis Ababa udagwa mu Meyi 1936, ndipo mwezi wotsatira Haile Selassie adaima ku Geneva kuchenjeza maiko ang'onoang'ono kuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Tiyenera kunena mwachilungamo kuti boma la America silidavomereze kuti Ethiopia ndi wa Italy, ndiponso kuti anthu akuda a ku Harlem adasonkha ndalama zothandiza abale awo. Koma zimenezi sizidabweze ndege ngakhale imodzi. Mu 1941, pamene Italy adathamangitsidwa ku Ethiopia, pakati pa oyenda pansi ndi mfuti padali makolo athu a K.A.R. ochokera ku Nyasaland, ndipo ena a iwo adapitirira mpaka ku nkhalango za ku Burma.

Ngakhale Hitler atagwetsa France mu 1940, gulu lotchedwa America First Committee lidabadwa mu Sepitembala chaka chomwecho nkusonkhanitsa mamembala pafupifupi 800,000. Wolankhula wake wotchuka adali Charles Lindbergh, woyendetsa ndege uja. Dzina la gululi tilisunge, chifukwa lidadzamvekanso patapita zaka 76. Mkangano wonsewo udatha m'mawa umodzi, pa 7 Disembala 1941, pamene ndege za Japan zidapha anthu oposa 2,400 ku Pearl Harbor. Nyanja ija idaoneka kuti ndi msewu. Gululo lidadzithetsa lokha pasanathe sabata.

Chimene chidatsatira nchodabwitsa m'mbiri ya maiko. Phungu Arthur Vandenberg wa ku Michigan, amene adali mmodzi wa atsogoleri a odzipatula, adaima m'nyumba ya Senate mu Januwale 1945 nkuvomera poyera kuti wasintha maganizo. Nyumba yomwe ija idakana League idavomera bungwe la United Nations ndi mavoti 89 kwa 2. Kudzera m'ndondomeko ya George Marshall, kuyambira 1948 dziko la America lidathira madola pafupifupi 13 biliyoni pomanganso maiko a kumadzulo kwa Ulaya, osasiya ndi adani ake adzulo. Mu 1949 lidalowa m'gwirizano wa asilikali wa NATO ndi mavoti 82 kwa 13, pangano lenileni la mtundu umene Washington adaletsa. Robert Taft wa ku Ohio adali pakati pa okana, umboni wakuti moto uja udangokwiririka m'phulusa. Ndipo nachi chinthu chimene otsutsa NATO sakonda kuchikumbuka: ndime ya 5, yakuti woukira mmodzi waukira onse, idagwiritsidwa ntchito koyamba pambuyo pa 11 Sepitembala 2001, ndipo wothandizidwayo adali America mwini.

Wowerenga angaganize kuti tsopano tiyamba kuimbira m'manja mbali ya olowerera. Sititero, pakuti ife a ku Africa tikudziwa kuti kulowerera nako kuli ndi manda ake. Mu 1975 komiti ya Senate yomwe idapeza kuti bungwe la akazitape la CIA lidakonza chiwembu chopha Patrice Lumumba ndi poizoni, ngakhale amene adamupha mu Januwale 1961 adali ena. Mobutu, amene adalanda boma mu 1965, adadya chuma cha dziko lake mpaka 1997, ndipo zaka zambiri mwa zimenezo adali bwenzi lokondedwa ku Washington chifukwa chodana ndi chikomyunizimu. Jonas Savimbi adalandiridwa ku White House mu 1986 napatsidwa zida, ndipo nkhondo ya ku Angola idatha mu 2002 iye atafa. Ku Vietnam kudafera asilikali a America oposa 58,000, osawerenga eni dziko amene adafa miyandamiyanda. Nkhondo ya ku Iraq ya 2003 idayambika pa chifukwa cha zida zoopsa zimene sizidapezeke. Ku Afghanistan adakhalako zaka 20, ndipo mu Ogasiti 2021 a Taliban omwe adachotsedwa mu 2001 adalowanso mu Kabul asilikali omaliza asanakwere ndege.

Tsono tiyeni timumvere munthu wamba wa ku Ohio kapena Michigan, amene nyuzi zambiri zimamunena ngati mbuli. Mwana wake ndiye adapita ku Iraq; mwana wa nduna kawirikawiri sadapite. Fakitale imene bambo wake adagwiramo ntchito idatsekedwa, ndipo pakati pa 2000 ndi 2010 ntchito za m'mafakitale zoposa 5 miliyoni zidatha m'dzikomo, m'zaka zomwe China adalowa m'bungwe la zamalonda la World Trade Organization mu 2001. Makina atsopano nawo adadya ntchito zambiri, koma makina saponyeredwa voti yowakana. Munthuyu adamvanso kuti mu 2014, pamene maiko a NATO adalonjeza kuika 2 peresenti ya chuma chawo ku chitetezo, maiko atatu okha ndiwo adali atafika pamenepo. Akafunsa kuti chifukwa chiyani iye azilondera nyumba ya munthu wolemera wa ku Germany pamene denga lake likudontha, funsolo si lachibwana. Atsogoleri a zipani zonse ziwiri adalinyoza kwa zaka zambiri, ndipo mu 2016 adakolola chimene adafesa, pamene mawu aja akuti America First adapambana chisankho.

Pamene tikusiyana naye munthuyu ndi pa masamu. Chithandizo chonse chopita ku maiko akunja chidali pafupifupi 1 peresenti ya ndalama zimene boma lake limagwiritsa ntchito pa chaka, pamene za asilikali zimapitirira madola 800 biliyoni. Nkhwangwa ya 2025 idagwera pa kanthambi kakang'ono, thunthu idalisiya. Ndipo kodi ndi kudzipatula kwa mtundu wanji kumene mu Juni 2025 kudatumiza ndege kukaphulitsa malo a nyukiliya a ku Iran, kumenenso kudalankhula poyera zotenga Greenland ndi ngalande ya Panama? Uku ndi kubwerera ku khalidwe la zaka za 1800 lija: mkono wautali, manja omasuka. Zimene zidatayidwa ndi zomangira: mabungwe, mapangano ndi chithandizo. Mfuti idatsala m'manja.

Kwa maiko ang'onoang'ono ngati lathu, choopsa chachikulu sichili pa mbali iyi kapena iyo, koma pa kusinthasintha kwake. Chitsanzo chowawa ndi cha 1993 ndi 1994. George Bush wamkulu adatumiza asilikali ku Somalia mu Disembala 1992 kuti chakudya chifike kwa anjala. Mu Okutobala 1993 asilikali 18 adaphedwa pa nkhondo ya mu Mogadishu, zithunzi za mitembo yawo zidaoneka pa kanema, ndipo Bill Clinton adalamula kuti onse abwerere pofika Malichi 1994. Mwezi wotsatira kuphana kudayamba ku Rwanda. Boma la America, lili ndi chilonda cha Mogadishu, lidapewa ngakhale kutchula dzina lenileni la zimene zimachitikazo, ndipo lidavomereza kuti asilikali a United Nations achepetsedwe. Anthu pafupifupi 800,000 adaphedwa m'masiku 100. Clinton adapita ku Kigali mu 1998 kukavomera kulakwa. Anthu a ku Rwanda adalipira ngongole ya nkhondo ya ku Somalia imene sadaidziwe nkomwe.

Kusinthasinthaku kuli ndi gwero lake m'malamulo. Kupeza aphungu 67 mwa 100 a Senate ogwirizana pa chinthu chimodzi kwakhala kovuta kwambiri chifukwa cha udani wa zipani, kotero atsogoleri akhala akulowa m'mapangano ndi siginecha yawo yokha. Chimene cholembera chalemba, cholembera china chimafufuta. Pangano la nyukiliya ndi Iran adalowamo ndi Barack Obama mu 2015, a Trump adatulukamo mu 2018. La ku Paris adalowamo mu 2016, adatulukamo mu 2020, Joe Biden adabwereramo mu 2021, ndipo mu 2025 adalengezanso zotuluka. Mbiri ya bungwe la UNESCO ndiye ikadatiseketsa ikadapanda kukhala ya maphunziro a ana: adatuluka mu 1984, adabwerera mu 2003, adatulukanso kumapeto kwa 2018, adabwereranso mu 2023, ndipo mu Julayi 2025 adalengeza kuti akupitanso. Ngakhale chithandizo chodutsa mwa aphungu sichiyenda bwino nthawi zonse: madola 61 biliyoni a dziko la Ukraine adakhala miyezi pafupifupi 6 akudikira asanavomerezedwe mu Epulo 2024, uku asilikali kunkhondo akuwerenga zipolopolo.

Sitikunena izi ngati anthu osayamika. Sukulu ya Polytechnic ku Blantyre idamangidwa m'zaka za 1960 ndi chithandizo cha America. Pakati pa 2013 ndi 2018 bungwe la Millennium Challenge Corporation lidaika madola pafupifupi 350 miliyoni pa magetsi athu, kuphatikizapo kukonzanso makina a pa Nkula. Koposa zonse pali ndondomeko ya PEPFAR yolimbana ndi Edzi, imene adakhazikitsa ndi George W. Bush mu 2003, chaka chomwecho chimene adathira nkhondo Iraq. Munthu mmodzi, chaka chimodzi, dzanja lina mfuti, lina mankhwala. Yense wofuna kuweruza nkhani ya kulowerera ndi liwu limodzi ayambe wamasulira zimenezi. Boma la America lidawerengera kuti ndondomekoyi idapulumutsa miyoyo pafupifupi 25 miliyoni pa dziko lonse. Ife amene tidaona mmene opanga mabokosi amaliro adachulukira m'mbali mwa misewu ya m'matauni athu m'zaka za 1990 sitifuna wina wotiuza tanthauzo la nambalayo.

Koma mlendo ndi mame. Kupatsa kwa America kudali koona, ndipo kudali kopindulira America yemwe, pakuti matenda sasowa pasipoti ndipo dziko lothandizidwa limakhala msika ndi bwenzi pa mavoti a ku New York. Chimene sichidali choona ndi chikhulupiriro chathu chakuti kupatsako nkwamuyaya. Mu 2001 atsogoleri a maiko a mu Africa adalonjeza ku Abuja kuti aziika 15 peresenti ya ndalama za boma ku ntchito za umoyo. Ochepa okha ndiwo adakwaniritsa, ndipo ambiri adatsamira pa ndalama za alendo ngati pa mzati wa nyumba yawo. Pamenepa sitingaloze chala Washington.

Chifukwa chake tikupempha nduna ndi akuluakulu a boma amene amakhala pa tebulo ndi nthumwi za America kuti asamangoyang'ana kukula kwa ndalama zolonjezedwa. Azifunsa kuti lonjezolo laima pa chiyani: pa pangano lovomerezedwa ndi Senate, pa lamulo la aphungu lokhala ndi chaka chothera, kapena pa siginecha ya munthu mmodzi. Azifunsanso kuti likadzatha mwadzidzidzi, malipiro a anamwino, mafuta a galimoto zonyamula magazi okayezedwa ndi mankhwala a miyezi itatu yotsatira adzachokera m'thumba liti. Aphungu athu nawo, pokambirana za ndalama za chaka, afunse unduna wa zaumoyo kuti ndi ntchito zingati zimene zingaime tsiku limodzi wina akasaina pepala kutsidya kwa nyanja, ndipo yankho lilembedwe poyera. Chisankho china cha mtsogoleri wa America chidzachitika mu Novembala 2028, ndipo mayi amene amakalandira mankhwala ake ku Zomba kapena ku Mzimba sadzaponya nawo voti.